Lona Yachikasu pa Denga la Amayi

4 Disembala

Wokondedwa chemwali,

Ndikhulupirira muli bwino nonse kumeneko, iwe, alamu ndi ana. Ine ndilipo, kupatula mutu umene umandipweteka ndikatuluka pansi. Amayi chifuwa chija chili bwanji? M'kalata yako yapitayo unangoti akutsokomolabe. Akutsokomola nthawi yanji, m'mawa mokha kapena tsiku lonse? Makhololo akutuluka? Undilembere bwinobwino.

Za denga sindinaiwale, koma aka n'kachitatu kukupempha miyeso. Uwauze alamu atenge tepi yawo ya ukalipentala ayeze m'litali ndi m'lifupi, mbali zonse ziwiri, awerengenso malo amene akudontha. Sindikufuna kugula malata ongoganizira, kenaka n'kupezeka aperewera awiri kapena atsala atatu.

Kuno sizili bwino. Paja ntchito yanga pa mgodi uno ndi mphepo. Fani yaikulu ili pamwamba imakoka mpweya, ndipo ife pansi timaukhotetsa ndi zinsalu zolimba zachikasu zimene timapachika m'njira, kuti uzidutsa kumene anthu akukumba malasha. Mpweya umenewo ndi umene umasesa gasi wotuluka m'malashamo. Gasi ameneyu saoneka, sanunkha, amangounjikana kudenga mwakachetechete. N'chifukwa chake ndimayenda ndi kamakina koyezera kali kunsonga kwa ndodo, kuloza m'mwamba ngati wothyola zipatso, mpaka anthu ananditcha Amphepo. Kamakina kakawerenga 1 ndimazimitsa magetsi. Kakawerenga 2 aliyense atuluke. Pa 5, kamoto kongothetheka pa waya n'kokwanira kuti tonse mutimvere pa wailesi.

Lachisanu lapitali ndinapeza chinsalu cha pakhomo pa njira nambala 7 palibe. Njirayo anasiya kale kukumbamo, koma ndi imene imapuma gasi wambiri, makamaka mvula ikamabwera. Chinsalucho ndi chimene chimapatutsa gasiyo kuti asapite kwa anthu. Wakubayo anachidula bwinobwino ndi mpeni, mamita khumi ndi awiri, misomali n'kuisiya. Kumene gulu la mng'ono wathu Mzime limakhoma mizati gasi anali pa 1.4. Ndinazimitsa magetsi maola atatu mpaka titapachika china. Anthu anandiyang'ana ngati ndawalanda chakudya kukamwa. A manijala alengeza kuti wopezeka nacho achotsedwa ntchito ndi kuperekedwa kupolisi, ndipo wofufuza ndine.

Mzime alipo, wanenepa. Pansi sandipatsa moni, akuti anzake asamamunene kuti ndi mng'ono wa Amphepo. Ntchitoyi ndinamupezera ndine, koma zilibe kanthu.

Miyeso ija usaiwale.

Ine achimwene ako.


6 Disembala

Achimwene,

Moni wambiri kuchokera kwa tonse. Kalata yanu mwezi uno sitinailandire, koma palibe kanthu, mphatso yanu yalankhula yokha. Zikomo!

Mzime anafika Loweruka atasenza chimtolo, akuti, "Izi zachokera kumgodi, musandifunse zambiri." Titamasula tinapeza lona yachikasu, yolimba ngati chikopa. Ine poyamba ndinakayikira, paja Mzime ndi Mzime. Koma alamu anu anandionetsa pakona pamene palembedwa 7-B ndi penti wakuda, ndipo seveni yake ndi yanu ija yodula pakati ndi kamzere, imene aphunzitsi ankakumenyerani. Ndinati basi, awa ndi achimwene, sanafune kudzitama.

Alamu anu anaiyala tsiku lomwelo, kukhomera timatabwa m'mbali. Lamulungu inagwa mvula yamphamvu, koma m'chipinda mwa amayi simunalowe ngakhale dontho. Mabeseni anayi aja abwerera kukhitchini. Amayi akuti ndikuuzeni kuti sukulu ija yayamba kubala. Ananena zimenezi n'kuseka mpaka kutsamwa, koma chifuwa chayamba kuchepa.

Tsono mwatiputira mavuto. Denga lathu likuonekera kumsewu, aliyense wotsika basi akufunsa. Amayi ake a telala akufuna yawo, a sitolo akufuna ziwiri. Mkazi wa kapitawo wa gulu la Mzime, uja amakhala kuseri kwa chigayo, anabwera kudzaisisita n'kuwerenga nambala ija mokweza. Ndawauza onse kuti achimwene ndi akuluakulu a zimenezi kumgodi, ndiwalembera. Ndiye ndalemba. Muone zimene mungachite.

Mlongo wanu.


15 Disembala

Chemwali,

Moni nonse. Makalata athu anasemphana panjira. Yako ndaiwerenga kanayi, ndipo ndikukhulupirira yanga yafika tsopano, waona wekha chimene chili pa denga.

Sindinatumize lona. Chinsalu chilichonse cha mu mgodi muno ndimachilemba nambala ndi dzanja langa, kuti chikasowa ndidziwe chachoka pati. 7-B ndi chija ndinakuuza.

Mzime ndinamukoka pakhomo pa chipinda chobwezera nyali. Sanakane n'komwe. Akuti, "Achimwene, njirayo mulibe munthu. Chinsalu chimatchinga mizimu, pamene amayi akugona ndi ambulera?" Ndinamuuza kuti gasi wa tsiku lija anali pamutu pake penipeni. Iye akuti, "Nanga tinafa?"

Tamvera bwino, uchite izi mwa dongosolo lake. Choyamba, alamu achitsitse tsiku lomwe walandira kalatayi. Chachiwiri, muchipinde nambala ili mkati, muchikulunge m'masaka. Chachitatu, muchitumize pa basi m'dzina langa. Ndikachibweza mwakachetechete kusitolo ya mgodi. Chachinayi, usauzenso munthu aliyense kuti ndine ndinatumiza.

A manijala anandifunsa dzulo pamene ndafika ndi kufufuza. M'buku langa ndalemba kuti "sichinapezeke." Zaka khumi ndi zinayi ndakhala ndikulemba m'mabuku amenewa, sindinalembemo bodza ngakhale limodzi. Ndikalemba 0.6 ndiye kuti ndi 0.6. Cholembera chinandilemera ngati nyundo.

Za mkazi wa kapitawo zikundidetsa nkhawa. Anawerenga nambala yonse? Anali ndi ndani? Mwamuna wake akupita kumeneko pa tchuthi sabata yamawa.

Amayi usawauze kaye. Undiyankhe msanga, ndi miyeso ija.

Achimwene ako.


18 Disembala

Achemwali anga okondedwa,

Muli bwanji, alamu ali bwanji, ana akusukulu aja akukhozabe? Ine ndili gwa, kungoti kuda. Sopo wa kuno watopa nane.

Ndamva kuti Amphepo akulemberani kalata ya choyamba, chachiwiri, chachitatu. Musawamvere. Lona ikhale pomwepo. Ndinakapeza amayi mwezi watha atasuntha bedi katatu tsiku limodzi kuthawa madontho, bulangete lili chinyezi chokhachokha. Achimwene akuti miyeso. Chaka chatha analinso miyeso. Amayi akadzamwalira adzafunsanso miyeso ya bokosi, mbali zonse ziwiri.

Inu simuwadziwa pantchito. Amayenda ndi ndodo yawo kununkhiza denga, akangoona kanambala kasuntha, magetsi thi! Ife tikhale pansi mu mdima kudikira, ngolo zili zopanda kanthu, kenaka a kapitawo atukwanidwe kuofesi. Gasi amene amanenayo ine sindinamuonepo. Akapitawo akuti zaka makumi awiri ali pansi, gasiyo sanawapatsepo moni.

Ndipo si ine ndekha. Zinsalu zakale anthu amatenga kalekale, ena anasokera ana malaya amvula. Ine changa chinangokhala chatsopano. Kampani ili ndi zinsalu mulu, ife amayi tili nawo amodzi.

Munditumizire nkhani za ng'ombe ya alamu, inabereka? Amayi muwauze kuti mzime wawo akuwakonda kuposa aja a kukoleji.

Ndine mng'ono wanu wokongola uja,
Mzime.


29 Disembala

Achimwene,

Moni. Tili bwino, ana atsekera. Makalata anu onse awiri afika pamodzi, limodzi ndi ya Mzime, chifukwa mlatho unakokoloka ndipo basi inasiya kubwera masabata awiri athunthu.

Ndachita manyazi kwambiri ndi kudzitama kwanga kuja. Koma lona sitinatsitse, ndipo ndikuuzani chifukwa chake. Mvula ikugwa tsiku ndi tsiku. Alamu anu poiyala anachotsa malata awiri owola kwambiri a pamwamba pa bedi la amayi, ndiye tikaitsitsa lero patsala chibowo choti mbuzi n'kulowa. Inu munati choyamba tichitsitse. Chachisanu simunanene, choti amayi akagone kuti.

Mwati munapachika china pamalo pake. Ndiye vuto lili pati? Mgodi uli ndi chinsalu, amayi ali ndi denga. Mvula ikatha tidzabweza.

Kapitawo anabweradi. Anaima pamsewu nthawi yaitali, manja m'thumba, kuyang'ana denga. Ndinamupatsa moni, iye akuti, "Amphepo ali ndi dzanja labwino, nambala yake ikuwerengeka ngakhale uli pa basi." Anaseka n'kumapita.

Achimwene, ndikupempha chinthu chimodzi. Mzime musamutchule. Ndi wopusa, inde, koma sanagulitse, sanamwere mowa. Akapita kupolisi amayi sadzadzukanso pa bedi. Inu ndinu ophunzira, mupeze mawu ena olemba m'buku lanulo.

Tepi ya alamu anu anabwereka munthu, ikabwera tiyeza.

Mlongo wanu.


9 Januwale

Chemwali,

Moni kwa onse. Werenga kalatayi uli wekha, kenaka uone mmene ungawauzire amayi.

Wafunsa kuti vuto lili pati. Chichokereni kapitawo kumeneko, mgodi wonse ukudziwa kuti pa denga la amayi a Amphepo pali 7-B. Sakunena kuti Mzime anaba. Akunena kuti ine ndimatenga zinsalu kupita nazo kwathu, kenaka n'kuzimitsa magetsi kuti ndioneke wakhama. M'masabata awiri zasowa zina zitatu: 4-A, 7-C ndi 9-A. Munthu aliyense ali ndi amayi ake, ndipo mvula ikugwa kulikonse.

Lachitatu kamakina kanawerenga 2.1 kumene gulu la Mzime likugwira. Ndinati tulukani. Palibe anasuntha. Kapitawo anakhala pa mzati n'kutsegula botolo la madzi. Akuti, "Akulu, mphepo yathu mwakafolerera nyumba, tsono tituluke tikaitenge kumeneko?" Onse anaseka. Mzime anayang'ana pansi. Ndinayang'ana wotchi. Anatenga mphindi makumi awiri ndi zitatu kuti ayambe kuyenda, ndipo nthawi yonseyo nambala imakwera.

Chemwali, pansi pano ndilibe mfuti, ndilibe chikwapu. Chimene ndili nacho ndi choti ndikati tulukani, anthu atuluke osafunsa. Chimenecho chikatha, kamakina kanga ndi chidole.

Lachinayi m'mawa ndinalowa muofesi ya a manijala, ndinanena zonse. Ndinagwada kuti nkhani isapite kupolisi, ndipo avomera. Koma ntchito ya Mzime yatha. Mzime anabweza nyali ndi chisoti dzulo. Ndinamudikira pageti ndi tikiti ya basi. Anaitenga osandiyang'ana, akuti, "Zikomo Amphepo, mwayeza bwino."

Sindikudziwa ngati zathandiza. Lero m'kheji yotsikira pansi anthu khumi ndi asanu anandipatsa msana. Wina kumbuyo akuti, "Wagulitsa mng'ono wake kuti adziyeretse."

Mzime akafika umupatse chakudya, usamukalipire. Amayi chifuwa chili bwanji?

Achimwene ako.


16 Januwale

Achimwene,

Moni sindikupatsani wambiri chifukwa ndilibe. Mzime anafika kalata yanu isanafike, ndi kachikwama kamodzi ndi nsapato za kumgodi m'manja. Amayi atamuona masana a Lachisanu anadziwa okha.

Ndinakupemphani chinthu chimodzi chokha. Anthu akusekani, ndiye mwachotsa mng'ono wanu ntchito? Ife tasekedwa kangati kuno ndi mabeseni m'nyumba, tinachotsa ndani?

Amayi akuti ndilembe mawu awo mmene akunenera, ndiye awa: "Umuuze kuti ndinabereka ana atatu. Mmodzi anandiona ndikunyowa n'kundifunditsa. Wina anandiona ndikunyowa n'kufunsa kuti madontho ndi angati. Asadzabwere ndi malata ake kuno, ndidzagona pansi pa lona imeneyi mpaka itang'ambika."

Mzime sakuseka ngati kale. Amakhala pakhonde kusema mipini ya alamu anu tsiku lonse. Ntchito yake akuti apatsa mwamuna wa mwana wa a telala, uja anakwatira chaka chatha. A telala anabwera kudzapepesa ngati alakwa ndiwo.

Musatilembere kaye.

Mlongo wanu.


24 Januwale

Chemwali,

Unati ndisalembe, koma mwina mwamva kale pa wailesi, ndipo wailesi sinena mayina. Ndili moyo. Khutu lamanzere silikumva, basi.

Ndilemba mwa dongosolo, chifukwa ndi mmene ndingathere. Lolemba pa 19 kunja kunali mitambo yakuda, ndipo ndinadziwa kuti njira nambala 7 ipuma kwambiri. Ndinafika pakhomo pake 9:40 m'mawa. Chinsalu chachitatu chimene ndinapachika pamenepo chinali chitadulidwanso. Kumene gulu likugwira gasi anali pa 1.8. Ndinazimitsa magetsi, ndinapachika chikwangwani pa swichi, ndinauza kapitawo kuti palibe wogwira chilichonse mpaka nditabwera ndi chinsalu china. Iye akuti, "Pitani, mukapereke moni kwa amayi."

Ndikanawatulutsa. Lamulo limati pa 2, ndipo kamakina kanati 1.8. Ndinkadziwa kuti akwera. Ndinaopa kusekedwanso pa chinthu chimene buku silinena, ndiye ndinatsata buku.

Kusitolo ya mgodi, chifukwa cha kuba kuja, anakhazikitsa lamulo loti chinsalu sichituluka popanda siginecha ya a manijala. Lamulolo ndinapempha ndine. A manijala anali pa msonkhano. Ndinaima pakhomo pawo ndi pepala m'manja mphindi makumi atatu ndi zisanu. Ndinatsika ndi chinsalu 10:50. Ndinali ndisanayende mamita mazana awiri pamene mphepo inabwerera m'mbuyo, n'kundiponyera pa ngolo. Phokoso ndinalimva pambuyo pake.

Swichi anaipeza ili yoyatsa, chikwangwani changa chili pansi. Amwalira asanu. Kapitawo, awiri oboola malasha, mkulu wina wokankha ngolo amene amayenera kupuma ntchito mu Epulo, ndi mkamwini wa a telala. Anali atagwira masiku asanu ndi anayi. Anamupeza pamalo pamene Mzime ankaima.

Akuluakulu ofufuza akhala pa 5 Febuluwale. Atenga buku langa. Muli tsamba la pa 14 Disembala pamene ndinalemba "sichinapezeke" ndikudziwa pamene chili, ndipo ndidzawauza choncho. Ndinakhala chete masiku makumi awiri ndi asanu. Ndikanalankhula tsiku loyamba, kapitawo akanapeza nkhani itatha kale, ndipo palibe akanaseka. Akazi a omwalira akhala pageti kuyambira Lachiwiri. Akuti Amphepo ankagulitsa zinsalu, kenaka n'kunamizira mng'ono wake. Nambala ili pa denga ndi dzanja langa.

Mzime asabwere kuno. Ofufuzawa si a manijala, sangamve kugwada. Lona isiyeni pomwepo, tsopano sikupulumutsa munthu.

Ukapite kwa a telala m'malo mwanga. Amayi chifuwa chili bwanji?

Achimwene ako.


2 Febuluwale

Achimwene,

Moni. Khutu likupeza bwanji? Mwapita kuchipatala, kapena mukungoliyeza nokha?

Maliro awiri anafika tsiku limodzi pa lole ya kampani. Tinapita tonse, amayi tinawakweza pa njinga. Mabokosi sanatsegule. Mwana wa a telala ali ndi pakati pa miyezi isanu ndi umodzi. Mkazi wa kapitawo atandiona anandiloza pamaso pa anthu, akuti, "Inu mukugona pouma."

Kalata yanu ndinawerengera amayi ndi Mzime pamodzi, yonse, osadumpha. Pamene munati anamupeza pamalo pamene Mzime ankaima, amayi anandiuza ndibwereze. Ndinabwereza. Anagwira dzanja la Mzime n'kulitembenuza uku ndi uku ngati akuliona koyamba. Kenaka akuti, "Ndiye uja anam'chotsa ntchito uja ndi amene wandibwezera mwana." Atatero anafunsa ngati kalata yanga ya mawu aja inanyamuka kale. Ndinati inanyamuka kalekale. Analira.

Dzulo m'mawa ndinamva phokoso padenga. Kutuluka, Mzime ali pamwamba ndi nyundo ya alamu anu, akuzula timatabwa, mvula ikuwaza. Ndinakuwa kuti achimwene anati uisiye. Iye akuti, "Achimwene ananena zambiri, ine ndinamvera ziti?" Anthu anaima pamsewu kuonerera. Anaipinda nambala ili kunja.

Ndinamuuza za polisi. Akuti akudziwa. Akuti akaiyala pamaso pa ofufuzawo ndi pamaso pa amayi aja a pageti, anene yekha kuti anadula ndi mpeni wake tsiku lakuti, inu osadziwa, ndipo amene anadula zinazo akuwadziwanso mayina. Ndinayang'ana amayi kuti amuletse. Iwo akuti, "Mupatse malaya oyera a alamu ake."

Kalatayi akubweretserani ndi iyeyo. Mukamulandire pa basi, musamuuze choyamba ndi chachiwiri, mungomulandira. Inunso pa 5 mudye kanthu musanalowe.

Amayi tawasamutsira m'chipinda chathu, ife tikugona ndi ana. Chifuwa chabwerera, amatsokomola kwambiri m'mawa, makhololo oyera. Mabeseni tawabweza m'chipinda mwawo, koma pa chibowo paja taika diramu.

Tepi inabwera. Alamu anu anayeza dzulo Mzime atatsika. M'litali mamita asanu ndi atatu ndi theka, m'lifupi mamita atatu mbali iliyonse. Malo odontha ndi asanu ndi awiri, kupatula chibowo.

Mlongo wanu.